Mtengwa Salowa M'chipinda Umo

Anthu a ku Iponga akamanena za Chrissie amati "mayi wa odwala", ngati kuti anabadwa atagwira beseni m'manja. Ayi ndithu. Ntchitoyo inamupeza atasowa mtengo wogwira, ndipo inatsala pang'ono kumuthera m'nyumba yoyamba yomweyo.

Kwawo kunali ku Ntcheu. Ku Karonga anabwera potsatira mwamuna wake Stanford, kalaliki wa boma, zaka zija munthu sankalowa mumsika wopanda khadi ya chipani. Stanford atamwalira, boma linafuna nyumba yake, ndipo abale a malemu anafika ndi lole n'kunyamula mipando, wailesi, mpaka mbale. Ana awiri okha, Violet ndi mlongo wake, ndi amene anamusiyira, poti ana amafuna kudya. Chimene sanathe kukweza palole chinali luso la m'manja mwake. Asanakwatiwe, Chrissie anagwirapo ntchito pachipatala cha mishoni, yosambitsa odwala, kuwatembenuza, kuwadyetsa ndi kutaya zoipa.

Amene anakumbukira zimenezi anali Gordon, mnzake wa Stanford kuofesi. Boma linali litamusinthira kutali, ku Nsanje, pamene bambo ake, a Zebedee, anali atafa mbali imodzi ya thupi. Mayi ake anamwalira kale, ndipo alongo ake anakwatiwa kutsidya kwa Songwe, kumene masiku amenewo munthu sankangowoloka popanda kufunsidwa mafunso.

"Nanga akazi anu a Febby si ali pakhomo pomwepo?" anafunsa Chrissie.

"Amake Violet, kwathu kuno mtengwa saonana ndi bambo wa mwamuna wake," anayankha Gordon. "Salowa m'chipinda chawo, satchula dzina lawo, akawaona panjira amakhotera kutchire. N'chifukwa chake ndabwera kwa inu. Kanyumba kalipo, mpunga ulipo, pa mwezi ndizikutumizirani kangachepe. Koma bambo akakukanani, ine ndilibe mawu."

Chrissie anagwedeza mutu ngati wamva. Mumtima ankati zimenezo n'za anthu abwinobwino, matenda akakula manyazi amachepa.

A Zebedee anali chimunthu chachikulu, cholemera ngati thumba la mpunga wonyowa, ndipo pakamwa, ngakhale panapotoka, panali pasanafe. Ankadandaula kuti madzi atentha, akazirala ankati akufuna kuwapha ndi chibayo. Chrissie ankangoseka. Ankawatembenuza pafupipafupi kuti pamsana pasatuluke zilonda, kuwapaka mafuta, kuwameta ndevu, ndi kuwongola zala za dzanja lakufalo chimodzichimodzi. Febby ankaphika mbalagha, nthochi zija zophika ndi nyama, n'kuzifinya kuti zimezeke bwino. Ankaika mbale pakhomo, kutsokomola pang'ono, n'kuzimiririka. Zofunda zoipitsidwa Chrissie ankazitulutsa m'mawa, koma pobwera kuti akachape ankapeza Febby wapita nazo kale kumtsinje. Sanalankhulepo za zimenezi, ndipo Chrissie ankathokoza chamumtima.

Tsiku lina masana, amuna onse ali kuminda ya mpunga, Chrissie akutembenuza wodwala wake, bedi linasuntha. A Zebedee anatsetsereka n'kukakamira pakati pa bedi ndi khoma, nkhope pansi, mpweya ukutuluka movutikira. Anakoka, anakankha, koma chimunthucho osasuntha.

"Febby! Thamanga!"

Mapazi anathamangadi, koma anaima pakhomo. "Amama, ine umo sinjira yanga."

"Munthu afe chifukwa cha manyazi? Lowa, ndati lowa!"

Febby analowa atadzifunditsa chitenje kumutu mpaka pachifuwa, akufufuza ndi manja ngati wakhungu. Anagwira miyendo, Chrissie anagwira m'khwapa, ndipo anawakweza pabedi. Chrissie asanapume n'komwe, mnzakeyo anali atathawira kuseri kwa nthochi.

Kuyambira pamenepo a Zebedee anayang'ana kukhoma. Supuni ikafika pakamwa ankaluma mano. Dandaulo la madzi otentha linatha, ndipo Chrissie anazindikira kuti analizolowera kwambiri. Kuchitsime amayi ankatembenukira ku Chinkhonde iye akafika, koma mawu oti "Mchewa" sasowa womasulira. Febby anayamba kumanga katundu kuti abwerere kwa makolo ake.

Poyamba Chrissie anapsa mtima. Kupulumutsa munthu kukhale mlandu? Kenako mantha anamugwira. Mkuluyo akafa ndi njala, kapena akangonena kuti mayiyu achoke, ndani m'Karonga yense akanamuitananso kuti adwazike m'bale wake? Akanabwerera ku Ntcheu chimanjamanja, ana atasiya sukulu. Amati safunsa anadya phula, koma iye zake zinali zoposa pamenepo, chifukwa anauzidwa bwinobwino n'kudyabe phulalo.

Anaika mbale pansi, n'kugwada pafupi ndi bedi.

"Bambo, wolakwa ndine. Ndine mlendo, ndinakalipa, mwana uja anangomvera. Ndipo sanakuoneni. Anali atafunda kumutu."

A Zebedee atayankha, mawu ankatuluka mokoka, Chichewa chawo chikupendekera ku Chinkhonde.

"Ndikudziwa kuti sanandione. Ndaona ndine."

"Mwaona chiyani, bambo?"

"Manja. Zaka zonsezi ndimadya zochokera m'manja amenewo, koma ndinali ndisanawaonepo. Ang'ambika. Zala zayera ndi sopo. Nsanza zanga zoipazi, amachapa ndani?"

Chrissie akanatha kunama, koma anaona kuti mkuluyo yankho ali nalo kale. "Ndi iyeyo, bambo. Sindinamutume. Amandilanda ndikangozitulutsa."

Misozi inatsika mbali yamoyo ya nkhopeyo. Apa mpamene Chrissie anamvetsa kuti chimene chinatseka pakamwa pa a Zebedee sunali mkwiyo. Anali manyazi a munthu amene ankaganiza kuti akasiya kudya, kumtsinje sikupitanso kanthu.

"Bambo, mukafa ndi njala, anthu anena kuti wakuphani ndi iyeyo," anatero Chrissie. "Panopa akumanga katundu."

"Akupita kuti? Ng'ombe za malowolo ake ndinapereka ndine!" Ukali wakale uja unabwerera, ndipo Chrissie anaulandira ngati mvula yoyamba. "Kamuuzeni aphike mbalagha. Akatha akhale kunjako, atsamire khoma ili."

Febby anaphika, anaika mbale pakhomo, anatsokomola, n'kukakhala kuseri monga anauzidwa. A Zebedee anatsegula pakamwa, supuni inalowa, inabweranso ina. Atameza, anatambasula dzanja lamoyo lija n'kugunda khoma ndi chikhatho.

"Khoma iwe," anatero mokweza, "*ndagha*. *Ndagha fijo*."

Ndiko kuthokoza kwa Chinkhonde, kuthokoza kwambiri. Mwambo sunaswedwe, poti mkuluyo ankalankhula ndi khoma. Koma khomalo linayamba kusisima, ndipo Chrissie, supuni ili m'manja, analira nalo limodzi.

A Zebedee anakhalabe ndi moyo mpaka anadya mpunga wa zaka zina zingapo, akudandaula za madzi osamba tsiku lililonse. Amayi omwe aja a kuchitsime ndi amene anafalitsa mbiri yoti Mchewa uja wodwala wake satuluka zilonda. Anayamba kuitanidwa ku Ngara, ku Mlare, m'nyumba za aphunzitsi ndi za asodzi, wopanda bwana, wopanda yunifolomu, beseni lake ndi thaulo basi. Violet ndi mlongo wake anamaliza sukulu ndi ntchito imeneyo.

Anthu akamamuyamikira, Chrissie ankakana. Ankati ntchitoyo anapatsidwa ndi anthu awiri, mkazi amene analowa mosaloledwa chifukwa chomvera mlendo, ndi mkulu amene anatsegula pakamwa. Ndipo pakhomo lililonse latsopano, asanaone n'komwe wodwala, ankayamba wafunsa kuti, "Kodi salowa m'chipinda umo ndani?" Akamuuza, ankazungulira kuseri kwa nyumba kukam'patsa moni munthuyo, n'kumugwira manja onse awiri.