Kuchotsa Ufiti pa Bomba

Ntchito yokonza mabomba a madzi, imene ena amati mijigo, ndinaipeza chifukwa cha pakamwa panga. Lamulungu lina titatuluka m'tchalitchi ku Nsadzo, ndinkalalata kuti bomba lathu latha mwezi lili chete. A Mesitiri Zuze, mkulu wotsogolera mapemphero amene ankakonzanso mabomba m'dera lonse, anandiyang'ana nati, "Nabanda, mphamvu zili palilimezo tiyeni tikaziike pa shavi." Anyamata awo onse owathandiza anali atathawira kumalire ku Cassacatiza kukayendetsa mota, njinga zamoto zonyamula anthu. Ine, mayi wa ana atatu, ndinakwera njinga n'kuwatsata.

Ntchito yake ili chonchi. Umamasula chivundikiro ndi shavi, ndiye kuti sipanala, n'kuchotsa chogwirira, kenako n'kumakoka ndodo zachitsulo zokolekana, imodziimodzi, mpaka yomalizira itatuluka. Kawirikawiri vuto limakhala kamphira kakang'ono kamene katha kunsonga kwake. Lamulo ndi limodzi: wogwira ndodo yam'munsi sataya mpaka mnzake atanena kuti "ndagwira."

M'chilimwe china tinaitanidwa kumudzi wina wa kutali. Titayandikira, a Zuze anatsika panjinga n'kuloza bwinja lomera udzu. "Apa panali nyumba yanga," anatero. Kalelo mwana wa mnansi wawo atamwalira, anthu anati a Zuze ndi mfiti, n'kuwatenthera nyumba.

"Nanga tikukatani kumeneko, a Mesitiri?"

"Ana akumwera limodzi ndi ng'ombe kudambo."

Tinayamba ntchito anthu atatizungulira, popanda wopereka moni. Dzuwa linkaswa mtengo, manja anga ali thukuta lokhalokha. Ndisaname, ndinataya ndisanamve mawu aja. Ndodo zinayi zinatsetsereka m'paipi, kenako tinangomva pansi, di! Mayo ine! Bambo wina anakuwa, "Si tinanena? Wabwera kudzatiphera chitsime!" Wina anatola chibonga.

"Ndine ndagwetsa!" ndinatero.

"Tagwetsa tonse, tivuula tonse," anayankha a Zuze. "Ndipatsireni mbedza."

Anamangirira mbedza yachitsulo ku ndodo zotsala n'kugwada pasimenti yotentha ngati chiwaya. Kuwedza ndodo m'paipi yopapatiza n'kongopapasa, maso alibe ntchito. Amatsitsa, kupotoza, kukoka, osapeza kanthu. Wachibonga uja anaima kumbuyo kwawo, koma iwo sanacheuke ngakhale kamodzi, ankangong'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Mawondo awo anasupuka ine ndikuona. Dzuwa litapendeka anati chapansipansi, "Yakola. Kokani pang'onopang'ono."

Tinasintha kamphira, kubwezera zonse, n'kupopa. Madzi anatuluka oyera mbee! Koma palibe anasendera. Amayi anaima patali ndi ndowa zawo, akuopa kuti mfiti yathiramo kanthu.

Kwathu kuno wopereka mowa amayamba walawa yekha, timati kuchotsa ufiti. Timanena moseka, koma apa panalibe zoseka. A Zuze anatenga chikho, anatunga, anachikweza kuti aliyense aone.

"Eni mudzi, ndichotse ufiti," anatero, n'kumwa chonse.

Munthu wotentheredwa nyumba chifukwa cha mawu amenewo, n'kuwatchula yekha popanda mkwiyo, kuti ana a omuda amwe madzi! Ndinachita mantha ngati mmene ndimachitira pa Misa mkate ukamakwezedwa.

Woyamba kusendera anali mayi wokalamba. Mtsikana wina anandinong'oneza kuti ndi mayi wa mwana anamwalira uja. A Zuze anawapopera okha mpaka ndowa inadzaza, n'kuwasenzetsa pamutu. Mayiwo sanathokoze, ndipo a Zuze anali atayamba kale kupopera wotsatira.

Lero ndimakonzanso mabomba oyendera dzuwa, ndipo anthu amandiitana pafoni. Zida zasintha, a Zuze anatisiya. Koma akandiitana kumudzi kumene ananditukwanapo, mtima ukamati ayambe apepesa, ndimangomanga shavi panjinga n'kunyamuka, chifukwa ana akumeneko ludzu lawagwira lero lomwe.