Kampeni ka Malume Kosadziwa Nyama

Malume anga ali ndi butchala. Mukawaona mutha kuthawa: manja ngati mafosholo, epuloni yamadontho ofiira, mwendo wa ng'ombe amaunyamula ngati khanda. Kumsika amawatchula kuti a Mafupa. Koma m'kabati mwawo, kuseri kwa makapu a alendo, muli kampeni kokulunga m'nsalu yoyera, kamene sikanakhudzepo nyama chigulireni. Ine kampeni kameneka kamandisangalatsa koopsa.

Mwana wawo ndi mmodzi yekha, msuweni wanga wamkulu, namwino kutauni ina yakutali. Iyeyu anasiya nyama, mazira, mkaka, ngakhale uchi. Mwana wa a Mafupa, tangoganizani. Atabwera pa tchuthi china malume anamuseka mpaka kutuluka misozi, ati "Ndabereka mbuzi ine?" Komabe anamuphikira achali wa mango ndi chinanazi, amene ankamukonda ali wamng'ono. Iye analawa kamodzi n'kuika supuni pansi.

"Adadi, mwadulira mpeni wakuntchito. Akununkha mafuta."

Malume anati asiye matama. Mawu anakula, m'mawa mwake msuweniyo anapakira chikwama, ndipo kuchokera pamenepo tchuthi chikafika amangoti ali pa ntchito.

Ndiye malume anakagula kampeni kaja, thabwa lodulira ndi kapoto kake. Tchuthi chikayandikira amatseka butchala dzuwa likanali pamutu, makasitomala akugogoda. Amasamba m'manja ndi sopo, kenako mandimu, zikhadabo n'kuzikwecha ndi mswachi wakale. Akatero amandiika dzanja pamphuno.

"Tanunkhiza, iwe wa mphuno yakuthwa."

"Mandimu okhaokha, malume."

"Usandinamize chifukwa ukufuna mango."

Muziwaona akudula. Munthu woswa mafupa ndi chikwanje, koma mango osapsetsa aja amawadula timabokosi tofanana ngati akuopa kuwapweteka. Chinanazi, anyezi, jinja, tsabola, viniga, shuga, zonse mu kapoto, moto wapansipansi. Amatakasa mpaka zinate, fungo lake lowawasa kukoma lija n'kukafika kwa aneba. Ine ndimakanda poto akamaliza, ndipo ndimalumbira kuti kulibe chinthu chokoma chotero.

Patebulo tsiku la tchuthilo sipaoneka nyama. Mpunga, nyemba, bowa, mbatata zootcha. Anti, akazi awo, amadandaula chaka chilichonse.

"Nyumba ya mwini butchala, nyemba pa tchuthi. Anthu akamva atiseka."

"Aseke. Nanga akangotulukira mayi wanga, adya chiyani?" Malume mwana wawoyo amamutchula choncho, mayi wanga.

Chaka chino msuweni anati aona. Malume anamva kuti abwera. Anavala shati yamabatani, n'kukhala mpando woyang'ana kugeti, galimoto ikangodutsa khosi n'kutalika. Chakudya chinazizira. Kenako foni yanga inalira, uthenga wa msuweni: odwala achuluka, sizitheka.

Malume anadzuka pampando paja. Anatsuka botolo lalikulu ndi madzi otentha, kuthiramo achali mpaka kukamwa, n'kukapatsa mnzawo woyendetsa basi kuti akapereke kwa msuweni. Atabwerako anaika kampeni pathabwa.

"Tajambula, umutumizire. Umuuze kuti mpeniwu ndi watsopano."

"Malume, watsopano bwanji, chogwirira chinasuluka kale."

"Kwa iyeyo ndi watsopano."

Yankho linachedwa. Litabwera ndinathamanga mpaka kubutchala, patapata mmodzi n'kutsala panjira. Chinali chithunzi cha botolo litafika pakati, supuni ili momwemo, ndi mawu akuti ndiwauze adadi botolo abweretsa yekha.

Malume anapukuta manja pa epuloni, koma foniyo sanaigwire. Anangoti ndiwerengenso.

Madzulo anti anati, "Koma sanatchule liti."

"Botolo ndi langa lija," anatero malume. "Abweza."

Pashelefu pamene linkakhala mpaka pano n'popanda kanthu. Dzulo anti anaikapo chitini cha mchere, malume n'kuchichotsa.