Dzenje Lozungulira la a Timoteyo

Ku Mualadzi munthu akamwalira, uthenga umafika kwa a Timoteyo achibale ena asanamve. Iwo ndiwo mkulu wa adzukulu, amuna okumba manda. Ntchitoyi anaiyamba atangobwerako ku Zambia komwe anathawira nkhondo, ndipo khasu lawo la mpini waufupi salibwereketsa kwa aliyense. Ana akawaona atalinyamula amapatuka njira. Amangoopa chabe, pakuti bamboyu ngakhale nkhuku amapatsa akazi awo kuti aizinge.

Akazi awowo, mayi Yudita, ndiwo amayankhulira banja lonse. A Timoteyo akanena mawu atatu, iwo amakhala atanena makumi atatu, ndipo akhala choncho zaka zonsezi popanda wodandaula. Mwana wawo mmodzi yekha, Marlene, anakwatiwa ku Cassacatiza.

Chaka chatha mawondo a mayi Yudita anatupa. Chimbudzi cha pakhomopo chinali chitagwa kalekale ndi mvula, ndipo monga mabanja ambiri, ankangotsikira kutchire kuseri kwa munda. Kwa munthu wa ndodo, unali ulendo. Tsiku lina anaterereka m'matope n'kukhala pomwepo mpaka mayi wina wotola nkhuni anawadzutsa. Manyazi ake! Kuyambira pamenepo anapeza nzeru yoipa: anasiya kudya. Ankangolawa pang'ono, madzi n'kungonyowetsa kukhosi, kuti kutchire kusamawaitane. Posakhalitsa chitenje chinayamba kuwazungulira kawiri.

A Timoteyo anaona koma anasowa poyambira, poti nkhani ya kutchire sikambidwa pakati pa akuluakulu. Komabe kumene munthu wosadya amathera ankakudziwa bwino kuposa wina aliyense. Mantha anawagwira, ndipo m'mawa wina anatenga khasu lawo kuti akumbe chimbudzi china.

Tsono manja amene akumba chinthu chimodzi zaka makumi atatu sapempha chilolezo kumutu. Anathyola bango n'kuyeza pansi kuseri kwa nyumba, kutalika kwa munthu, m'lifupi mwa mapewa. Makona anayi anawasalaza bwinobwino, dothi n'kuliunjika mbali imodzi mwaulemu. Pofika masana dzenje linali litawafika m'chiuno, iwo akung'ung'udza kanyimbo kamene amaimba nthawi zonse akamakumba.

Kanyimboko ndiko kanatulutsa mayi Yudita m'nyumba.

"Bambo a Marlene, mukutani?"

"Latirina, amayi. Yanu."

"Yanga! Mwandiyeza liti, ndili mtulo? Kungoonda pang'ono, inu mwathyola kale bango?"

A Timoteyo anayang'ana uku ndi uku ali m'katimo, ndipo anaona zimene akazi awo ankaona. Khasu linawapulumuka.

Akuluakulu a m'mudzi atamva anabwera, nanena kuti dzenje lotere silisiyidwa kukamwa, limaitana munthu. Anadula thunthu la nthochi, naligoneka m'menemo, n'kukwirira. Katekista wa mpingo wawo analipo, maso ali kumwamba ngati akufuna mvula. Mudzi unaseka sabata yathunthu. A Timoteyo sanaseke, chifukwa mbale ya akazi awo inkabwererabe momwe yapitira.

Tsiku lachisanu ndi chitatu anachita chinthu chimene sanachitepo: anayamba ndiwo kuyankhula. Anakhala pakhonde, maso ali pansi.

"Mayi a Marlene, manda a mudzi uno ndakumba ndine. A mayi anga ndinayang'anira ndine. Anu sindikufuna. Simukudya, ndikuona, ndipo chifukwa chake ndikuchidziwa."

Mayi Yudita, mayi wa pakamwa, analira mokwiya, akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Atatha anamina n'kuyamba kulamula, ndipo a Timoteyo anadziwa kuti zayamba kuyenda.

"Khasu lanulo lisayandikire. Mutenge langa lakumunda. Bango ayi. Makona ndisaone ngakhale limodzi. Mulembe ngati mukumanga nkhokwe."

Anakhomera chikhomo pansi pafupi ndi nyumba, mayi Yudita atachigwira atakhala pampando, amuna awo n'kuzungulira ndi chingwe. Khasu loyamba anagwetsa ndi mayiwo, mofooka, koma linaluma dothi. Zotsalazo zinatenga masiku asanu ndi limodzi, pakuti manja a a Timoteyo ankangofuna kuwongola khoma, ndipo mawu ankachokera pampando paja: "Mwayambanso!" Kuimba anawaletsa, kupatula nyimbo za ukwati, zimene sadziwa ngakhale imodzi.

M'dzenjemo analukiramo nsungwi kuti dothi lisagumuke mvula ikabwera. Pamwamba anayala mitengo ya tsanya n'kumata. Poti mawondo aja sapindika, anaumba pokhalira pa njerwa, napanga chivundikiro cha thabwa, n'kuika chikho cha phulusa pakona ya mpanda wa udzu. Kuchokera pakhomo la nyumba anamanga nsungwi yaitali yogwirira. Adelino, akitivisita wa zaumoyo amene amayenda pa njinga kulalikira za zimbudzi, anaima n'kujambula ndi foni. Mayi Yudita anamuthamangitsa kuti akajambule cha amake.

Tsiku loyamba kuchigwiritsa ntchito, a Timoteyo anakaima patali pansi pa mtengo wa mango, atatembenukira kumunda, akusenda kamtengo kosafuna kusendedwa. Kumbuyo kwawo anamva ndodo ikupita, go, go, go. Kenako zii. A Timoteyo anasiya kusenda, natchera khutu.

Ndodo ija inamvekanso, ikubwera, mpaka inaima pambali pawo.

"Bambo a Marlene," anatero mayi Yudita, "maenje onse mwakumba moyo wanu wonse, ili lokha ndi limene munthu wapitako n'kubwerako."

A Timoteyo anangogwedeza mutu.

"Nanga mwangoima? Nyemba zadzulo zija zilipo, kapena mwamaliza nokha? Ndili ndi njala ine."