Kabuku kanga m'belo la fodya

Ndili mtsikana wa Sitandade 6, tinkakhala pa esiteti ina kufupi ndi Santhe. Bambo anali tenanti, kwathu kwenikweni ndi ku Phalombe. Mwezi ndi mwezi, tsiku la msika, ndinkagula kabuku ka nthano ya zithunzi kwa mkulu wina wogulitsa makope. Nkhani yake inali ya mtsikana kondakitala wa minibasi amene ankafunafuna mlongo wake wosowa. Anali wamwano ngati ine ndemwe, ndipo ndinkamukonda kuposa anzanga ena amoyo.

Tsiku lina mkulu uja anandipatsa kabuku kolembedwa pachikuto kuti gawo lomaliza. «Akuti asiya kusindikiza,» anatero, osandiyang'ana n'komwe.

Sindinakatsegule. Mutu wanga unkandiuza kuti ndikapanda kuwerenga, mtsikanayo azikhalabe m'minibasi mwake, akukalipira okwera. Kunyumba sindikanakasunga, chifukwa pepala lililonse bambo ankapichirira chingambwe. Choncho ndinakakalowetsa m'chigafa, pakati pa mulu wa fodya wosankhasankha. Nzeru zimenezo ndinaziona ngati zakuya.

Lachitatu ndikuchokera kusukulu ndinapeza muluwo palibe. M'malo mwake munali mabelo asanu ndi limodzi, odindidwa ndi jeke, osokedwa bwinobwino m'ziguduli.

Mwana aliyense wa tenanti ankalidziwa lamulo: m'belo musapezeke kanthu kena, kaya ulusi, pulasitiki kapena nthenga. Likapezeka nako ku okushoni, belo limabwezedwa, ndipo bwana safunsa kawiri. Chaka chapitacho banja loyandikana nafe linapakira mapoto ndi mphasa chifukwa cha nthenga za nkhuku. Ndinaliona likudikira matola pamsewu, ana atakhala pa mitolo. Kwathu ku Phalombe munda tinalibe. Akatithamangitsa tikanalowera kuti?

Lole yonyamula mabelo inali kubwera m'mawa mwake. Ndinayesa kudzinamiza kuti mwina sakakaona. Ndinatsuka mbale, ndinasesa pabwalo posesedwa kale. Ndinkaopa lamba wa bambo, koma msewu uja ndinkauopa koposa. Dzuwa litapendeka ndinawatsatira amayi kumjigo.

«Amayi, m'fodya muja muli kabuku kanga.»

Anatula ndowa pansi. «Belo liti?»

«Sindikudziwa.»

«Mayo ine! Iwe mwana, ukufuna tikadye zithunzi?»

Bambo atamva sanakalipe, ndipo zimenezo zinandiopsa kwambiri. Anangotenga mpeni n'kuyamba kudula ulusi umene anasoka tsiku lonse. Belo loyamba, mulibe. Lachiwiri, mulibe. Fodya wodindidwa akamasulidwa amathothoka, ndipo tsamba lililonse losweka linkandilasa. Amayi anaima pakhomo la chigafa kuyang'ana ngati kapitawo akubwera.

Kanapezeka m'belo lachinayi, kataphwatalala ngati chikamba cha mphika, kali bii ndi utomoni wa fodya. Bambo anakatembenuza, iwo osadziwa kuwerenga, kenaka anandipatsira.

«Tawerenga. Timve chimene chikanatichotsa pano.»

Ndinawerenga chiimire, iwo akubwezera fodya m'bokosi la jeke. Mtsikana uja anamva kuti mlongo wake ali pa depoti ina. Anatsika minibasi, anathamanga, anaona munthu atafulatira, anamugwira phewa. Nditati nditsegule tsamba lotsatira, masamba awiri omalizawo anali atamatirirana. Ndinakoka pang'onopang'ono, koma anang'ambika, zithunzi zonse zinasupuka.

«Ndiye anamupeza?» anafunsa bambo, manja ali pa jeke.

«Sizikuoneka.»

«Basi, yathera pomwepo. Bwera undigwirire chiguduli.»

Lole inanyamula mabelo onse asanu ndi limodzi, ndipo palibe limene linabwerera. Tinalimanso chaka china pa esiteti ija. Ndinafunsa kwa mkulu wa makope ngati kanatsalako kabuku kena, anati ena onse anatha. Mpaka lero sindidziwa ngati amene anatembenuka pa depoti paja anali mlongo wake.