Nsambo za a Katatu

Apongozi anga aamuna sadziwa kuyimba gitala. Ndanena dala poyamba, chifukwa m'dera lathu palibe woyimba gitala amene sawavulira chipewa. Akwaya, a bandi za maukwati, ngakhale abusa, onse amabwera pakhonde lawo atanyamula magitala ngati ana odwala. Ntchito ya mdalayu inali imodzi basi, kuika nsambo zatsopano. Anthu amangowatchula kuti a Katatu.

Dzinali linachokera ku lamulo lawo. Nsambo ikalowa pabowo la chichiri, kachitsulo kokungira ka kumutu kwa gitala, amasiyako danga la zala ziwiri, n'kuipinda pang'ono, kenako n'kumapotokola chichiricho mpaka nsambo itazungulira katatu. Mzere uliwonse ukhale pansi pa unzake, wosakwerana. Kawiri akuti ndi ulesi, nsambo imaterereka. Kanayi akuti ndi dyera. Yotsala amaidula ndi pulayazi, chifukwa gitala ya ndevu kumutu imalasa ana m'maso.

Lamuloli likanathera pa magitala sindikanadandaula. Koma ine ndine telala, ndipo tsiku lina ndinawapeza atamasula ulusi wonse pamakina anga ati unakwerana. Chingwe choyanikira zovala anachikunga mpaka ntchentche ikaterapo chimalira. Maliro a m'bale wawo anachedwa theka la ola chifukwa iwo anakana zingwe zotsitsira bokosi, ati zamangidwa mwachibwana. Ndinalusa tsiku limenelo, ndipo mpaka pano ndikakumbukira mtima umandiwira.

Gitala yawoyawo ali nayo, yofiirira, imakhala pamsomali m'chipinda chochezera. Ndi imene anakopera apongozi anga aakazi. Anadutsa nayo pakhomo pa makolo awo ataikoleka kumsana, mtsikana n'kufunsa kuti, “Simundiyimbirako?” Mnyamata anayankha kuti, “Ndikuyimbirani nsambo zikakhazikika.” Anakwatirana, anabereka ana asanu, mmodzi mwa iwo ndi mwamuna wangayu. Zaka makumi anayi ndi chimodzi zinadutsa. Loweruka lililonse mdala amatsitsa gitala ija, kuchotsa nsambo, kuikanso, kuibweza pamsomali. Mayi akafunsa za nyimbo yawo, yankho linali lomwelo: “Kuona maso a nkhono n'kudekha, mayi.”

Chimene a Katatu ankanyada nacho kwambiri n'chakuti chiyambire sanadulepo nsambo pokunga. Ankati mawu ake amawamva m'mafupa. Ine nditangokwatiwa kumene ndinaona zina. Mdala akamakunga pakhonde, nsambo ikulira kukwera, mayi amakhala m'khitchini chitseko chili pululu. Ikangofika pamawu ake, mayi amatsokomola kamodzi, dzanja la mdala n'kuima pomwepo. Nsambo zisanu ndi imodzi, kutsokomola kasanu n'kamodzi. Ndinawafunsa mayi tikutsuka mbale.

“Iwe, khala chete,” anatero. “Bambo akowa nyimbo ndi kulira kwa geti kwa iwo n'chimodzimodzi. Ine ndinakulira m'kwaya.”

“Nanga eni ake akudziwa?”

“Amati ndili ndi chifuwa. Andigulira mankhwala mabotolo osawerengeka.”

Chaka chatha makutu a mayi anayamba kutseka. Poyamba tinkaseka, ukawapempha mchere akupatsa machesi. Kenako mwamuna wanga anapita nawo kuchipatala, ndipo dokotala ananena mosapsatira kuti khutu lakumanzere lapita, lakumanja latsala ndi miyezi yowerengeka. Atabwerako mayi sanalowe n'kuchipinda komwe. Anaima pamaso pa amuna awo, chikwama chili m'khwapa.

“Abambo, nyimbo yanga ija. Ndikuifuna makutu asanatseke.”

“Nsambo sizina...”

“Zengerezu analinda kwawukwawu. Loweruka lino.”

Sabata imeneyo mdala anaonda tikuona. Anasiya kulandira magitala. Lachinayi anabwera kushopu kwanga, n'kukhala pampando wa makasitomala, chipewa chili pabondo. Apongozi aamuna kudzakhala kwa telala wa madiresi! Ndinadziwa kuti zinthu zavuta.

“Mwana wanga,” anatero, maso ali pa lumo, “kodi munthu angaphunzire gitala masiku awiri?”

Ndinkafuna kuwakumbutsa za ulusi wanga uja, koma anandimvetsa chisoni. Ndinawauza zoona, kuti sizingatheke. Anagwedeza mutu, anawongola tepi yanga yoyezera imene inapotana patebulo, n'kumapita.

Loweruka masana tinasonkhana m'chipinda chochezera, ine, mwamuna wanga ndi mayi, amene anavala diresi la kutchalitchi. Mdala anatsitsa gitala, natulutsa paketi ya nsambo zatsopano. Tinadziwa kuti akugula nthawi. Anaika yoyamba, yonenepa ija, zala ziwiri, kupinda, katatu. Anaika zonse mwaudongo mpaka kaching'ono komaliza. Atatha anaika manja pamaondo.

“Mayi,” anatero mokweza kuti amve, “ine kuyimba sindidziwa. Gitalayi ndinainyamula tsiku lija chifukwa mwini wake anandituma, ndinachita kuigula pambuyo pake.”

“Mwati chiyani?”

Anabwereza mokuwa, moti woyandikana nafe amene ankatsuka njinga panja anamva zonse.

“Zimenezo ndinadziwa tisanakwatirane,” mayi anayankha. “Munaikoleka chadodolido. Kungani nsambozo, ndimve.”

Mdala anagwira chichiri cha kansambo kakang'ono, anakakhudza ndi chala, n'kuyamba kupotokola. Mawu anayamba kukwera. Anafika pamene ngakhale ine wosadziwa nyimbo ndinamva kuti ndi pomwepo. Mayi anali atatchera khutu lakumanja, maso ali gwa pa gitala, osatsokomola. Sankamva kanthu. Mdala anapitiriza kupotokola, akuyang'ana kukamwa kwa akazi awo, kudikira. Pamenepo m'pamene ndinazindikira kuti nkhalambayi inkadziwa za chifuwa chija zaka zonsezi, ndipo misozi inandilengeza.

Nsambo inalira mopyapyala ngati udzudzu, kenako thwaa! Inaduka, n'kukwapula kalendala pakhoma. Mdala anauma. Nsambo yoyamba kuduka m'manja mwa a Katatu, pamaso pa mboni zitatu.

Mayi anawomba m'manja. “Imeneyo ndaimva! Abambo, ndaimva bwinobwino!” Anasendeza mpando pafupi, naika dzanja pamimba pa gitala. “Inanso.”

Mwamuna wanga anatsegula pakamwa kuti aletse, ine ndinamuponda phazi. Mdala anayang'ana nsambo zisanu zotsalazo, zokulungidwa bwino katatu katatu, mizere yosakwerana. Anapukuta thukuta ndi chipewa, nagwira chichiri chachiwiri.

Anazidula zonse, imodzi imodzi. Yonenepa ija inavuta, mpaka anachita kugwira chichiri ndi pulayazi, mayi akuseka misozi ili mbwee. Kenako nayonso inaduka.

“Yatha?” anafunsa mayi.

“Yatha.”

“Ndi yaifupi,” anatero, akupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. “Koma mwayimba.”

Makutu a mayi anatsekeratu mvula isanagwe. A Katatu anasiya ntchito ya nsambo, oyimba akabwera amawauza kuti manja anatopa. Gitala ija ikadali pamsomali, yopanda nsambo, ndipo pa chichiri chilichonse patsala kachidutswa kozungulira katatu. Tsiku lina pokonza m'nyumba ndinafuna kuchotsa tizidutswato. Mayi anandimenya padzanja.