Moto Weniweni pa Phiri la Ndirande

"Dziko likupsa, inu mwangokhalira kutukwana wailesi! Inayamba yakuyankhanipo wailesiyo?"

Amene anandikalipira choncho ndi mayi a Tadala, mkazi wanga, Loweruka lina m'mawa mwezi wa Okutobala, atamanga kale mpango woyera kumutu. Mkangano unali wa phiri. Gulu lawo la mapemphero linapangana zokwera phiri la Ndirande kukasala kudya ndi kupempherera dziko, ine n'kuti sapita. Mkazi wanga ali ndi bondo lovuta. Likatupa, ngakhale pampopi amachita kutuma ana.

Za wailesizo sananame. Nkhani zikangoyamba, kuti mafuta asowa, shuga wakwera, uje waba, pakamwa panga pamatseguka pokha, mpaka aneba amadziwa kuti nthawi yakwana.

"Mukakagwa kumeneko akakunyamulani ndani? Angelo?" ndinafunsa.

"Ngati mukuopa, tiyeni mukandinyamule ndinu."

Ndinavala nsapato mokwiya, n'kunyamula chigubu cha madzi. Sindinapite kukapemphera ayi. Ndinapita kukalondera bondo.

Tinakwera minibasi pa Kameza dzuwa lisanapse. Kondakitala anati K1,000 munthu mmodzi kukatsika pa Magalasi. Ndinamufunsa ngati galimoto yake ikuyendera mafuta a ndege.

"Madala, mafutawa tagona nawo pamzere. Ngati yakuchulukirani, miyendo ndi yaulere."

Ndinali nditakoka kale mpweya woti ndimuyankhe, mayi a Tadala n'kunditsina pantchafu. "Tili pa kusala," ananong'ona. Ndinati wosala ndi iwo, ine tiyi ndamwa. Basi yonse inaseka, kondakitala yemwe.

Pa Magalasi tinasintha, kukwera ina yolowa mu Ndirande. Pamsika sipadutsika Loweruka: a kaunjika, a makala, a chiwaya utsi uli tolo, mnyamata wina akulalikira pa sipikala pafupi ndi wogulitsa mankhwala a makoswe, onse awiri akulonjeza kuti adani afa lero. Kuchokera apo tinakwera njinga zamoto mpaka kumtunda kwa Malabada, komwe nyumba zimathera. Wondinyamula ine ankayendetsa ngati anasiya mphika pamoto. Ndinamuuza zimenezo, ndi zina zomwe sindilemba.

Tinapeza anzawo akudikira pansi pa mtengo wa mango, ambiri amayi. Wotsogolera anali mbusa wachinyamata wa suti yonyezimira, amene onse ankangomuti abusa. Panalinso mayi Fombe, achikulire ochokera ku Nsanje koma okhala ku Chinyonga, aafupi, osayankhulayankhula, kolona ili m'khosi ngakhale gululo silinali la Akatolika.

"Mwatiperekeza, bambo?" anandifunsa.

"Ndaperekeza bondo ili."

"Bondo ndi lomwe tabwera nalo tonse," anatero, n'kuyamba kukwera.

Amene simunakwerepo Ndirande, musanyengedwe ndi momwe limaonekera muli m'tauni. Njira yake ndi ya mbuzi. Mitengo inatha kalekale, kwatsala zitsa, timinda, miyala ndi udzu wouma wofika m'chiuno. Tinadutsa anthu oswa miyala, kenako anyamata atatu a makasu ndi agalu, osaka mbewa. Mkazi wanga ankapuma pafupipafupi, ine n'kumamuwerengera mlandu pa mpumulo uliwonse. Ankangoyimba chapansipansi.

Dzuwa likuyandikira pamutu tinafika pamalo awo, kachidikha ka udzu pansi pa thanthwe lalikulu losalala. Apo pokha ndinatseka pakamwa. Blantyre yense anali pansi pa mapazi athu: malata a Ndirande ngati mamba a nsomba, Soche uko, Michiru uko, Bangwe, Limbe, ndipo kuseri Machinjiri atamwazika mpaka kutali. Phokoso la msika silimafikako. Ndakhala mumzindawu kuyambira ndili pasukulu, koma sindinkadziwa kuti ndi waung'ono chotere, woti munthu n'kuuphimba ndi chikhatho.

Onse anavula nsapato. Ine ndinakhala pamwala chapatali, zanga zili kumapazi.

Mapemphero a nkhondo ali ndi kachitidwe kake. Anthu amaima mozungulira, maso ali chitsinzinire, abusa akutchula mdani, gulu likuyankha. Mzimu wa katangale! "Moto!" Mzimu wa umphawi! "Moto!" Mzimu wa tsankho la mitundu, wa ngozi za pamsewu, wa njala! "Moto! Moto! Moto!" Mapazi akupondaponda, zibakera zikumenya mpweya. Ndinaganiza mumtima kuti anthuwa ndi ine sitikusiyana kwenikweni, kungoti iwo amatukwana ziwanda.

Chifukwa ndinali ndekha wotsegula maso, ndine ndinayamba kuona. Choyamba ziwala, zambirimbiri, zikuuluka kuchokera kumunsi. Kenako akabawi akuzungulira. Kenako utsi, ndi kuthetheka kwa udzu. Anyamata a mbewa aja anali atayatsa tchire, ndipo mphepo inkaukankhira motowo kumtunda, m'njira yomwe tinadzera.

Ndinalumpha. "Moto!"

"Moto!" gulu linayankha.

"Ndikuti moto, anthu inu!"

"Moto m'dzina la Yesu!"

"Moto weniweni!"

"Weniweni!" anakuwa abusa, maso ali gwa. "Aleluya, bambo alandira! Osati wongoyerekeza, weniweni!"

Mkazi wanga anakweza manja kuthokoza kuti mwamuna wake wagwidwa ndi Mzimu. Apo magazi anandikwera kumutu.

"Tsegulani maso, zitsiru inu! Mukupsa!"

Mawu amenewo mulibe m'mapemphero. Maso onse anatseguka nthawi imodzi.

Achinyamata anathawira chakumbali, kulumpha miyala opanda nsapato, ndipo anadutsa moto usanatseke mpata. Abusa anayesa kukoka amayi awiri, n'kubwerera, chifukwa mpatawo unali utatsekeka. Tinatsala ochepa: abusawo, amayi achikulire angapo, mayi Fombe, ine ndi mkazi wanga, amene bondo linali litatupa kale ngati papaya. Kumunsi moto, kumanzere moto, kumanja phompho.

"Pathanthwe," anatero mayi Fombe, osakweza mawu.

Ndinabereka mayi a Tadala kumsana. Thanthwelo ndi loterera, nsapato zanga zinkangoseseleka, mpaka ndinazivula n'kuziponya. Ndinakwera chokwawa, mwala ukuwotcha zikhatho, abusa akukankha kumbuyo, suti itang'ambika. Titafika pamwamba tinanyowetsa zitenje ndi madzi a m'chigubu chija n'kuphimba kumaso.

Moto wa tchire ukakhala pafupi sulira ngati wa kukhitchini. Umabangula ngati lole yokwera chitunda. Dzuwa linasanduka lofiira, mzinda wonse unasowa mu utsi. Abuluzi ndi mbewa zinakwera pathanthwe pomwepo n'kuima pakati pathu, osatiopa. Malawi ankanyambita m'mphepete, ndipo kuseri kwa thanthwe kunali udzu wina wautali wotsamira pamwamba pathu. Ndinaona kuti ukangogwira umenewo, tathera pomwepo. Mkazi wanga anandigwira dzanja. Pa zaka zonse za ukwati wathu sindinasowepo chonena, koma apo ndinasowa.

Ndiye ndinamva mayi Fombe. Anali atagwada pamwala wotenthawo, akupemphera ngati akucheza ndi munthu wokhala naye pamkeka umodzi. Sankapempherera ife. Anayambira ku Chitipa, kutsika boma ndi boma, kutchula alimi, anamwino, ana a sukulu, akaidi, oyendetsa minibasi. Anapempherera olamula, kuti agone tulo tabwino n'kudzuka ndi mtima wa munthu. Atafika kwawo ku Nsanje, Chichewa chinawathera n'kulowa Chisena. Kenako anati, "Ndi ana ayatsa motowu, Ambuye, ndi njala yawatuma. Musawapsereze."

Ine ndinali nditakonza kale zomwe ndikawachite anyamatawo ndikawapeza. Koma nanenso ndinagwada.

Sindikudziwa kuti tinakhala nthawi yaitali bwanji. Chomwe ndikudziwa n'chakuti ndinamva kuzizira pakhosi. Mphepo inatembenuka, kuchokera mbali ya Machinjiri, n'kuubweza motowo pa lupsa lomwe unasiya wokha. Unagwada, n'kuyamba kuzilala. Udzu wautali uja unangofiirira nsonga. Utsi unang'ambika pakati, mzinda n'kuonekanso, malata akunyezimira, minibasi zikuyenda ngati nyerere, anthu osadziwa kanthu.

Mnzanga wina anandiuza pambuyo pake kuti mphepo ya paphiri imatero masana. Mwina. Iye kunalibe. Ine ndinali pathanthwepo, ndipo palibe anakuwa aleluya, ngakhale abusa. Misozi inkangolemba mizere pa nkhope zamwaye.

Tinatsika pang'onopang'ono pa phulusa lofunda, mkazi wanga atakolowekera mkono pakhosi panga. Nsapato zanga ndinazipeza zitakwinyika ngati chikopa chowamba. Pa Malabada aja anathawa anatilandira ndi kulira, ndipo tinamasula kusala ndi thobwa ndi zitumbuwa za mayi wina wapanjira, amene anakana kulandira kanthu ataona nkhope zathu. Ndinagula patapata pamsika. Mu minibasi yobwerera ku Kameza mayi a Tadala anandiyang'ana n'kuseka.

"Lero kutukwana kwanu kwagwira ntchito ya Mulungu."

"Ndiye ndizipitiriza?"

"Kamodzi kakwana."

Ndinaphunzira kuti kukuwa kumadzutsa anthu, ndipo pena kumafunika. Koma pathanthwe paja wokuwa ndinalipo, ndipo moto sunandimve.

M'mawa mwake ndinatsegula wailesi monga mwa masiku onse. Nkhani yoyamba inali ya mafuta, yachiwiri ya mkulu wina amene dzina lake lokha limandiwiritsa magazi. Pakamwa panatseguka. Ndinayang'ana matuza m'zikhatho zanga, n'kutsitsa wailesi, kuvula patapata, kugwada pasimenti pafupi ndi mpando womwe mkazi wanga anasanjikapo mwendo.

"Mayi a Tadala, zimenezi amayambira pati?"

"Yambirani amene mumamutukwana kwambiri."

Ndinatsinzina, n'kumutchula dzina mkulu uja.