Nsungwi ya Ababa

Nditamaliza mayeso a Folomu 4, ndinauza amayi kuti ndikupita ku Blantyre kukagwira ntchito ya m'nyumba podikira zotsatira. Ndinkafuna kugulira ababa dishi ya kanema.

Kwathu ku Maseya kanema amavuta. Eriyo yathu inali limu ya njinga yomangirira kunsonga kwa nsungwi. Mpira ukayamba, ababa ankaima panja, dzuwa likuswa mtengo, n'kumatembenuza nsungwiyo, ife tikukuwa pazenera: "Kumanja! Mwapitiriza! Pomwepo, musagwedere!" Akangosiya, chithunzi chinkasanduka mchenga. Anthu oyandikana nafe onse ankaonera, kupatula mwini kanema.

Ku Blantyre ndinkalera ana a mayi wina wa ku Chilomoni. Kuzizira kwa kumeneko kunandiliza. Kanema wawo anali woyera ngati madzi a pamjigo, koma aliyense ankangoyang'ana foni yake. Ndikaseka, ndinkaseka ndekha. Amayi anga akaimba foni ankati, "Ukudya koma?" Ndinkavomera, osawauza kuti ndalama ya chiwaya ndikusunga.

Ndinabwerera mvula itayandikira, dishi ndi dikoda zili pamutu. Mmisiri wa ku Nchalo anakhoma dishiyo pakhoma, nachenjeza kuti munthu asaigwire.

Loweruka nyumba inadzaza. Mpira utangoyamba, kunagwa chimvula, chithunzi n'kuima. Tisanatsegule pakamwa, ababa anali atatuluka kale. Anaigwira dishi ija ndi manja awiri n'kuipotoza.

"Pamenepa bwanji?" anafuula ali chinyowere.

"Mwaipha, bambo a Esnati!" anayankha amayi.

Ndinafuna kulira, koma anthu anaseka mpaka inenso ndinagwa nako kuseka. Ababa analowa akudontha madzi. "Chinthu chosafuna dzanja la munthu n'chamwano," anatero. Apo m'pamene ndinazindikira kuti ine ndinkawamvera chisoni, pamene iwo ankanyadira ntchito yawo.

Lero mmisiri wabweranso kudzakonza. Amayi awakhazika ababa kutsogolo n'kuwaika khanda la achemwali pamiyendo kuti asadzuke. Ababa aonera mpira wonse khosi litatalika. Chigoli chitalowa, nyumba yonse inalumpha. Iwo anatiyang'ana mmodzimmodzi, kenako n'kuloza kanema ndi chibwano.

"Iwe Esnati, zaka zonsezi mumandiotcha padzuwa chifukwa cha kanthu kakang'ono aka?"

Mawa kuli mpira wina. Andiuza kuti ndiwasungire mpando womwewo.